Mafunso Anu: Foni, Masanje ndi Mwana Wamng'ono

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi: mwana wosakwana zaka 6 azisewera chiyani, nanga foni ndi TV zikhale pati? Mayankho akonzedwa ndi anthu ogwira ntchito za mmera mpoyamba ndi zaumoyo wa ana.

FUNSO: Ndimagulitsa kaunjika mumsika ndipo ndimafika pakhomo dzuwa litalowa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 3 ndinayamba kumupatsa foni kuti ndiziphika mwamtendere. Pano ndikangolowa amathamangira chikwama, osati ine. Ndikamulanda amadzigwetsa pansi n'kulira mpaka aneba amabwera kudzafunsa. Ndimusiyitse bwanji?
Mayi wa ku Chibavi

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi muyezo. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a ana osakwana zaka 5. Mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, kaya pa foni kaya pa TV. Wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo likachepa ndiye bwino. Mwana wa msinkhu wa wanuyo akufunikanso mphindi 180 patsiku akuthamanga, kukwera ndi kunyamula zinthu, komanso tulo ta maola 10 mpaka 13.

Kulirako si mwano. Mbale ya phala imatha, nyimbo imatha, koma YouTube siitha: kanema wina akatha, wina amadziyambira yekha. Mwana wa zaka 3 sanafike podziletsa yekha, choncho wotseka ayenera kukhala inu.

Sankhani nthawi imodzi patsiku, mphindi 20 kapena 30, isakhale nthawi yakudya komanso isakhale ola lomaliza asanagone. Sungani mufoni kanema mmodzi wamfupi, kenako muzimitse intaneti kuti akatha atheretu. Muuzeni musanamupatse kuti, "Uyu akatha, foni ikukagona." Akatha itengeni mukaibise kumene sangaione, osati pachitenje pomwe akuona kutukumuka kwake. Ndiye manja akewo asakhale opanda kanthu. Mukhazikeni pamkeka, mamita awiri kuchokera pambaula, mumupatse kapoto kakale, kamthiko, gaga pang'ono, madzi theka la kapu ndi masamba a mpiru omwe mwasankhula. Mumuuze kuti, "Amayi, tiphikireniko ndiwo, alendo ali m'njira." Ndipo mukangofika kuchokera kumsika, mphindi 10 zoyambirira zikhale zake, ali pamiyendo panu, musanagwire makala. Kawirikawiri chimene akufuna pothamangira chikwamacho ndi inuyo.

Zimalakwika apa. Masiku oyambirira kulira kumakula kusanayambe kuchepa. Mukagonja tsiku lachitatu atalira kwa mphindi 20, mwamuphunzitsa kuti mtengo wa foni ndi kulira mphindi 20, ndipo mawa adzalipira. China, onse a m'nyumba agwirizane, bambo, achemwali ake ndi wantchito, chifukwa mpanda wokhala ndi chibowo chimodzi mbuzi imachipeza. Musaname kuti batire yatha, poti akuonani muli pa WhatsApp pakangopita kanthawi. Musasandutsenso foni mphotho ya kudya, "ukamaliza nsima ndikupatsa", chifukwa pamenepo foni ndiyo yakwera mtengo, nsima yasanduka chilango.

TV yongolira tsiku lonse popanda woonera nayonso izimitsidwe. Ofufuza anapeza kuti ikamalira, mwana amadukiza masewera ake pafupipafupi ndipo akulu amamulankhula mawu ochepa. Koma kucheza pa kanema ndi bambo ake ali ku Johannesburg kapena agogo ali ku Rumphi ndi nkhani ina: kumeneko kuli munthu amene akumuyankha.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 4 amawerenga mpaka 20 m'Chingerezi ndipo mitundu yonse amaitchula, zonsezi kuchokera m'makatuni. Mayi ake akuti azipita kumasanje ndi ana a aneba, koma amabwerako ali mbuu, akulankhula Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa. Kodi chimene chingamukonzekeretse sukulu si makatuniwo?
Bambo wa ku Katoto

YANKHO: Bambo, yesani ichi madzulo ano. Ikani miyala 7 patebulo mumuuze akupatseni 4. Ana ambiri amene amayimba manambala mpaka 20 amangotapa n'kupereka. Kuloweza mndandanda ndi nyimbo, kudziwa kuti 4 ndi zingati ndi ntchito ina, ndipo imaphunziridwa ndi manja.

Sitikukana, mwana wa zaka 4 amatolako mawu m'mapologalamu abwino. Koma mwana akachepa msinkhu, kanema amamuphunzitsa zochepa. Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake ku University of Washington anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi n'kuwamvetsera Chimandarini, chilankhulo cha ku China, maulendo 12. Amene ankacheza ndi munthu maso ndi maso anayamba kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a chilankhulocho. Amene anaonera zomwezo pa kanema sanatolepo kanthu.

Tsopano kaimeni kaye poteropo muone zimene zikuchitika kumasanjeko. Ana anayi agona benchi, ndiyo minibasi. Chivundikiro cha ndowa ndi chiwongolero, masamba a mpeyala ndi ndalama. Wina wakolowekera dzanja panja akukuwa, "Ekwendeni! Ekwendeni! Awiri otsala!" Galimotoyo isananyamuke akhala atakangana kale kuti dalaivala ndani, ndipo wina wavomera kudikira ulendo wachiwiri. Kondakitala ayenera kukumbukira amene walipira ndi amene akudikira chenje. Mwana amene patebulo sakhazikika mphindi ziwiri akhala phee ngati pasinjala mpaka afike kumene akutsikira, chifukwa masewerawo ali ndi lamulo lake ndipo iye waligonjera mwakufuna kwake. Ameneyo ndi amene mawa adzatha kudikira mphunzitsi m'kalasi la ana ochuluka la Sitandade 1 akadzakwana zaka 6.

Pali chinanso chozama. Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia wa kaganizidwe ka ana, anafotokoza mu 1933 za mwana wokwera ndodo n'kumati ndi hatchi. Mwanayo wachita chinthu chachikulu: walola chinthu china kuimira chinzake. Tsamba kuimira ndalama ndi msewu womwewo wopita ku chilembo kuimira liwu, ndi nambala kuimira kuchuluka. M'katuni minibasi inajambulidwa kale, mawu anaikidwa kale, nkhani inatha kale kuganiziridwa ndi munthu wina. Pabenchi paja zonse ziyenera kuchokera m'mutu mwa mwana.

Za zilankhulo musade nkhawa. Mwana wa ku Mzuzu kukula ndi Chitumbuka, Chichewa, mwina ndi Chitonga cha kwa amayi ake, si vuto, ndipo kusakaniza ali wamng'ono sikumuchedwetsa kulankhula. Mukafuna Chingerezi chake chikule, khalani naye pa buku la zithunzi mphindi 15 tsiku lililonse, ndipo akamaonera katuni muonere limodzi, mukatha mumufunse chimene chinachitika ndi chifukwa chake. Za fumbizo, sopo alipo. Pa mlandu uwu mayi a mwana apambana.

FUNSO: Zidole za m'sitolo ndi zodula ndipo zimathyoka sabata isanathe. Ndili ndi ana awiri, wa zaka 2 ndi wa zaka 5. Ndingawapatse chiyani?
Mayi wa ku Mchengautuwa

YANKHO: Mayi, galimoto ya batire imadziwa kukhala galimoto basi, ndipo ikafa yafa. Katoni lero ndi nyumba, mawa ndi bwato la ku Nkhata Bay, mkuja ndi okala. Chidole chikamachita zochepa, mwana amachita zambiri. Aphunzitsi a m'dziko muno nzeru imeneyi amaitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwe muli.

Sonkhanitsani izi m'thumba limodzi: makatoni awiri, zitenje zakale ziwiri, zitsononkho 10, mabotolo apulasitiki 4 otsukidwa, makapu ndi mbale zakale, mthiko wotha ntchito, chipewa, chikwama chong'ambika ndi nsapato za bambo zosiyidwa. Chitsononkho chokulungidwa kansalu ndi mwana wobereka kumbuyo. Koma musakhuthule zonse nthawi imodzi. Kafukufuku wa ku University of Toledo wa mu 2018 anaona kuti ana a miyezi 18 mpaka 30 ankasewera nthawi yaitali komanso mwanjira zosiyanasiyana akapatsidwa zidole 4 kusiyana ndi pomwe anapatsidwa 16. Tulutsani zinthu 4 kapena 5, zinazo zidikire sabata yamawa, zidzaoneka zatsopano.

Dongo ndiye mfumu ya zonse. Tengani la kudambo kapena la pachulu, muliumitse, mulisinje, musefe timiyala ndi mizu, kenako muzithira madzi pang'onopang'ono mukukanda. Poyesa, pombani kachingwe konenepa ngati chala n'kukapinda: kakathyoka ndiye kuti mchenga wachuluka kapena madzi achepa. Zoumba zikamang'aluka pouma, mwina munaziyanika padzuwa, kunja kunauma msanga mkati muli chinyezi. Ziumire pamthunzi masiku atatu. Lotsala likulungeni m'kansalu konyowa. Amene angakwanitse ufa wa tirigu asakanize makapu 2 a ufa, kapu 1 ya mchere, masupuni 2 a mafuta ophikira ndi madzi pafupifupi kapu 1. Ufa wa chimanga sugwirana, musautaye chabe. Mchere wochulukawo ndi woti zisawole msanga, koma ndi woopsa mwana akadya zambiri, ndiye wa zaka 2 akhale pamaso panu.

Popeza ana anu ndi osiyana misinkhu, chenjerani apa. Chilichonse chotha kulowa m'kachubu ka pepala kamene kamatsala tishu akatha, pafupifupi masentimita 4 m'mimba mwake, chingatsamwitse mwana wosakwana zaka 3: zitsekerero za mabotolo, nyemba, mtedza, ndalama zachitsulo, mabo. Wa zaka 5 azisewera nazo wamng'ono akagona. Timabatire tozungulira ngati batani timawotcha kummero m'maola ochepa mwana akameza, imeneyo ndi ya kuchipatala nthawi yomweyo. Botolo lomwe munali parafini, mankhwala a mbewu kapena a makoswe silitsukika mokwanira kukhala chidole. Majumbo ndi zingwe zazitali zichoke. Nthanga za nsatsi ndi poizoni, ndipo ana amakonda kuziyesa nyemba za kumasanje. Ndowa kapena beseni la madzi, ngakhale ochepa, mwana woyamba kumene kuyenda akhoza kugweramo chamutu n'kumira osamveka phokoso. Galimoto ya mawaya nsonga zake zipindidwe ndi kukulungidwa mphira. Ndipo masanje a moto weniweni, aja ankachita ana okulirapo m'minda akakolola, si a msinkhu uwu.

Inu ntchito yanu ndi yochepa. Akakupatsani nsima ya dothi, "idyani" n'kudandaula kuti mchere wachepa, muone mmene athamangire kukathira. Musasandutse masewera mayeso, "Ichi ndi mtundu wanji? Nanga izi ndi zingati?" Mwana amangodzuka n'kuchoka. Apatseninso nthawi yokwanira, mphindi 45 mpaka ola osawatuma. Mphindi zoyambirira amangoyendayenda n'kumati zikuwabowa, ndipo makolo ambiri amapereka foni pamenepo, masewera atatsala pang'ono kupsa.

FUNSO: Mdzukulu wanga wamwamuna wa zaka 4 amabereka chidole kumbuyo n'kumaphika ngati mtsikana. Chinanso, amalankhula yekha ndi mnzake wosaoneka, mpaka amamusungira malo pamphasa. Ena akuti ndikaonetse. Kodi ali bwinobwino?
Agogo a ku Luwinga

YANKHO: Agogo, mtima ukhale m'malo. Mwana amasewera zimene amaona, ndipo amene amakhala naye tsiku lonse ndi inu, wobereka ndi wophika. Mnyamata wotonthoza chidole akuphunzira kusamala mnzake, ndipo adzakhala bambo wodziwa kunyamula khanda. Mukamuseka kapena kumukalipira, masewerawo sasiya, amangoyamba kubisala.

Mnzake wosaonekayo ndi chinthu chofala kwa ana a msinkhu umenewu m'mayiko ambiri, ndipo nthawi zambiri mwanayo amadziwa bwino kuti ndi zongoyerekeza. Kulankhula yekha posewera ndi mmene mwana amaganizira: amayamba kuganiza mokweza, kenako mawuwo amalowa mkati. Mufunseni kuti mnzakeyo wadya chiyani lero, mumva zimene zili mumtima mwa mdzukulu wanu. Chokhacho, akathyola kapu n'kunena kuti ndi mnzake uja, muuzeni kuti, "Chabwino, inu awiri nomwe tolani." Zomutchula mwana ufiti zikanizeni kwamtuwagalu. Zimamupweteka moyo wonse, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Zodetsa nkhawa ndi zina. Mwana akamaona zinthu zomuopseza thupi likutentha kapena akusokonekera, thamangani naye kuchipatala, akhoza kukhala malungo aakulu. Akamabwereza masewera oonetsa za kuchipinda za akulu, kapena kumenya chidole mwankhanza tsiku ndi tsiku ali ndi mantha, musamukwapule. Mufunseni mofatsa kumene anaziona, ndipo mukakayikira kuti wina akumuchita zoipa imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi.

FUNSO: Kuno mu Juni ndi Julayi kumazizira, mvula yamawawa osakata. Tikukhala m'nyumba ya chipinda chimodzi. Ana akapanda TV azichita chiyani?
Mayi wa ku Zolozolo

YANKHO: Mayi, phimbani tebulo ndi bulangete, ndiyo nyumba yawo, chipatala kapena sitolo. Aikireni zitini zopanda kanthu ndi timapepala ta ndalama, inu mukhale kasitomala wovuta uku mukusankha mpunga. Magetsi akazima musadandaule, tochi ndi khoma zakwana: manja amatulutsa kalulu ndi galu pachithunzithunzi. Nthano musangoikamba mpaka kumapeto. Mukati "Padangokhala," iwo "Tili tonse," mukafika pomwe Kalulu wagwidwa muime, mufunse kuti apulumuka bwanji. Mawa aisewere okha, wina Kalulu wina Fisi, chitenje ndicho mchira.

Kuzizira pakokha si chifukwa chotsekera ana tsiku lonse. Juzi, chipewa, mvula ikangokata atuluke ngakhale mphindi 30. Choopsa chili m'nyumba momwemo: mbaula. Isakhale pomwe ana akuthamanga, ndipo musagone nayo mutatseka mawindo, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, mazira kapena mafuta, kenako kuchipatala.

FUNSO: Mwana wanga ali ndi zaka 2 ndi theka. Salankhula, ndikamuitana satembenuka, samwetsa chidole kapena kuyerekeza chilichonse. Amangondandalika zitsekerero kapena kuzunguza tayala la galimoto kwa nthawi yaitali. Wakhala akuonera foni kuyambira ali ndi miyezi 8. Apongozi akuti bambo ake nawonso anachedwa. Kodi ndamuwononga ndine?
Mayi wa ku Chiputula

YANKHO: Mayi, musadziweruze, koma musadikirenso. Ana ambiri amaloza chinthu ndi chala akamakwana chaka, amayamba kuyerekeza, monga kumwa m'kapu yopanda kanthu kapena kuika chipande kukhutu ngati foni, pakati pa chaka ndi chaka ndi theka, ndipo pofika zaka 2 amalumikiza mawu awiri, "mama madzi". Mwana wa zaka 2 ndi theka wopanda zonsezi, wosatembenuka akaitanidwa, akufunika kuonedwa ndi achipatala mwezi uno.

Choyamba kuyeza ndi makutu. Mafinya otuluka m'khutu kawirikawiri, malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi zikhoza kuchepetsa kumva, ndipo mwana wosamva bwino salankhula. Kukhozanso kukhala kuchedwa kukula kapena vuto lotchedwa autism, lokhudza kakulidwe ka ubongo, limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi ena. Palibe umboni woti foni ndiyo imayambitsa autism. Chimene foni imachita ndi kudya maola omwe mwana akanakhala akuyang'ana nkhope ndi kumva mawu, komanso kubisa vutolo chifukwa mwana ali phee. Ndiye ichotseni, koma musati, "Tione kaye miyezi 6 ngati asinthe." Chitani zonse ziwiri pamodzi.

Yambirani kusikelo, mufotokoze zonse monga mwalembera muno, mupemphe kalata yokutumizani ku Mzuzu Central Hospital. A St John of God mumzinda momwemo amathandizanso ana ochedwa kukula. Pakhomo, katatu patsiku kwa mphindi 10, khalani pansi moyang'anizana naye, TV ndi wailesi zitazimitsidwa. Musamulande zitsekererozo, muli pomwepo kuonetsetsa kuti sakuziika m'kamwa. Tengani zanu muzindandalika ngati iye, ndipo akakuyang'anani, ngakhale kamphindi, mwetulirani n'kutchula liwu limodzi, "ika". Gwirani chitsekerero chotsatira pafupi ndi nkhope yanu, muwerenge chamumtima mpaka 10 musanamupatse, kuti apeze mpata wotambasula dzanja kapena kutulutsa liwu. Pakapita masiku onjezani kakang'ono: kapu yopanda kanthu, inu mumwe mokokomeza, mumwetse chidole, kenako mumupatse. Lembani pakapepala mawu ndi zizindikiro zonse zimene amachita, ndi tsiku limene munaziona, mukapite nako kuchipatala limodzi ndi kabuku kake ka kusikelo.